Shedi ya ku Zengeza 2 kumene otuluka m'ndende amafikira

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2023, mtsogoleri wa dziko la Zimbabwe, a Emmerson Mnangagwa, anakhululukira akaidi oposa 4,000. Manyuzipepala anaonetsa zithunzi za amuna akutuluka pazipata za ndende atanyamula timajumbo, ena akuvina, ena atagwada pansi kupemphera. Chifukwa cha chikhululukocho sichinali chobisika. Ndende za dzikolo zinamangidwa kuti zizisunga anthu pafupifupi 17,000, koma panthawiyo munali anthu oposa 20,000. Boma linachitanso zotere m'chaka cha 2018, ndiponso mu 2020 pamene mliri wa Covid-19 unafika. Atolankhani nkhani yawo imathera pachipata pomwepo. Iwo akabwerera ku maofesi awo, munthu uja amatsala yekha pamsewu, ndipo vuto loyamba limene limamupeza ndi ndalama yokwerera kombi.

Ena mwa anthu otere amalowera kummwera kwa Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 25, kupita ku Chitungwiza. Tawuni imeneyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza malokeshoni a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo cholinga cha atsamunda chinali chakuti anthu akuda azigona kumeneko n'kumalawirira kukagwira ntchito mumzinda wa Salisbury. Anaimanga ngati chipinda chogona cha mzinda wina, ndipo mpaka lero anthu ake, amene ndi oposa 350,000, akulipirabe mtengo wa maganizo amenewo. Ntchito zolembedwa n'zochepa, madzi a m'mipopi amabwera mwa apo ndi apo, ndipo mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse m'zaka za 2008 ndi 2009 unayambira konkuno.

Mlendo wochokera ku Lilongwe, Chipata kapena Tete akatchera khutu bwino ku Zengeza 2 amamva Chichewa chikutuluka m'makomo ena, chosakanikirana ndi Chishona. Amenewa ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland, kumpoto kwa Mozambique ndi kummawa kwa Zambia kukagwira ntchito m'minda ya fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, makamaka nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Gule wamkulu anapita naye, ndipo eni dziko amamutcha zvigure. Anapitanso ndi mpingo wa CCAP, umene uli ndi sinodi yake ya Harare, ndi mizikiti, ndi mabungwe othandizana pamaliro. Anawapatsanso dzina lonyoza loti mabwidi, anthu opanda mudzi. Pakati pa mbumba imeneyi ndi pamene panatuluka Nicholas Zakaria, woimba sungura amene anthu anamutcha Senior Lecturer chifukwa cha oimba amene anawasula m'gulu lake la Khiama Boys, kuphatikizapo Alick Macheso.

Kuseri kwa nyumba ina ya ku Zengeza 2 kuli shedi ya malata, ndipo mwini wake ndi bambo wa zaka zoyandikira 60, mmisiri wowotcherera zitsulo. Dzina lake lisungidwe, pakuti nkhani yake ikukhudza anthu ena amene sanapemphe kuti alembedwe. Bambo ake anachokera ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Iye anabadwira ku St Mary's, nagwira ntchito pafakitale ina ya nsalu kufikira pamene inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene ndondomeko ya zachuma ya ESAP inachotsa anthu ambiri pantchito. Atakhala chaka osapeza chochita, analowa kagulu ka anyamata asanu kothyola nyumba m'madera a anthu olemera a mu Harare. Iyeyo ntchito yake inali yopinda zitsulo za m'mawindo. Anagwidwa, nakhala m'ndende zaka zisanu ndi zitatu, ndipo kuwotcherera anaphunzirira komweko. Lero ndalama zake zambiri zimachokera pa zitsulo zotchinga akuba m'mawindo ndi m'makomo, ndipo makasitomala amene amadziwa mbiri yake amati palibe wina angadziwe bwino pamene chitsulo chimafookera.

Anatuluka kumapeto kwa 2005, chaka cha Murambatsvina, pamene boma linagumula nyumba ndi timisika timene linati n'tosaloledwa. Nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Kanyumba kamene iye anasiyamo mkazi ndi ana anakapeza kali mulu wa njerwa, mkaziyo atapita kwawo. Amene anamutola anali mkulu wina wa bungwe la maliro la anthu ochokera ku Malawi, mnzawo wa malemu bambo ake. Mkuluyo sanamulalikire. Anamupatsa mphasa pakhonde, namutuma kukawotcherera chitseko cha nyumba yake, ndipo ntchito itatha anamulipira pamaso pa anthu oyandikana nawo, kuti aone ndi maso awo kuti munthuyu walandira ndalama ya thukuta lake. Mmisiriyu amanena kuti tsiku limenelo ndi limene ukaidi wake unatha, ngakhale kuti pepala la boma linali litanena kale miyezi iwiri m'mbuyomo.

Kuyambira nthawi imeneyo, pashedi pake sipasowa mnyamata mmodzi kapena awiri ochokera kundende. Alibe bungwe, alibe chikwangwani, ndipo mawu oti ulangizi sawagwiritsa ntchito. Anyamatawo amamuitana amalume, ndipo iye amawatcha adzukulu, monga mwa mwambo wa kwawo kwa makolo ake kumene mwana wa mlongo ndi udindo wa malume.

Magulu a anyamata a ku Chitungwiza sali ngati a ku Cape Town, aja a manambala 26, 27 ndi 28 amene ali ndi malamulo ndi maudindo ochokera m'ndende. Kuno gulu limabadwa pamalo pamene pali kandalama kochepa kolimbirana. Ena ndi mahwindi, oitanira anthu pamasiteji a kombi, amene amalanda gawo la ndalama kwa madalaivala. Ena amakumba mchenga mozemba m'madambo n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Ena amaima pamjigo nthawi ya kusowa kwa madzi n'kumalipiritsa amayi kuti atunge. Pamwamba pa zonsezi pabwera mankhwala ozunguza bongo, makamaka mutoriro, umene ena amautcha dombo kapena guka, ndi mankhwala a chifuwa a BronCleer amene achinyamata amamwa ngati mowa. Mnyamata amene walowa m'zimenezi amapezamo chakudya, anzake, ndi dzina loti anthu amuope nalo. Tsiku limene watuluka m'ndende, gulu lija ndi lokhalo limene limamulandira ndi manja awiri, popeza kunyumba amayamba abisa wailesi ndi foni.

N'chifukwa chake mmisiriyu ntchito yake amaiyamba munthu asanatuluke. Mayi wina akabwera kudzamudandaulira za mwana wake, iye amapita nawo kukamuona kundende, kamodzi kapena kawiri, kuti mnyamatayo adziwe nkhope imene idzamudikire. Tsiku lotuluka amakamuchingamira yekha. Malinga ndi zimene waona pa zaka zonsezi, sabata ziwiri zoyambirira ndi zimene zimagamula mlandu. Munthu amene kwa zaka zingapo amauzidwa nthawi yodzuka, yodya ndi yogona, akangopatsidwa tsiku lathunthu lopanda mwini, amasokonezeka ngati nkhuku yomasulidwa pachingwe imene imangoima pomwepo. Tsono iye amalidzaza tsikulo. Kusesa pashedi kumayamba 6 koloko, kenaka kupala dzimbiri, kupenta, kunyamula zitsulo kuchokera kwa ogulitsa. Masana onse amadya mbale imodzi, nsima imene kuno amati sadza, ndi masamba kapena matemba. Makina owotcherera mnyamata sawagwira mpaka patatha mwezi.

Za malipiro ali ndi njira yake, ndipo ena amaitsutsa. Amapereka ndalama pang'ono madzulo alionse, yokwanira sopo ndi buledi, ndipo yotsalayo amasungitsa kwa mayi ake a mnyamatayo kapena kwa mkazi wake, zonse zikulembedwa m'kope limene mwini wake angaliwerenge nthawi iliyonse. Alangizi ena amati kutero n'kumuyesa munthu wamkulu ngati mwana. Mfundo yawo ndi yomveka ndithu. Koma amene anaonapo mnyamata atalandira madola 40 Lachisanu, n'kupezeka Lolemba ali maso gwa, osagona masiku atatu chifukwa cha mutoriro, sangafulumire kumuweruza mmisiriyu. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndalama yonse imayamba kupita m'manja mwa mwini wake, ndipo nthawi yomweyo amapatsidwa kiyi wa shedi.

Kiyi ameneyu ndi nkhani yaikulu. Mu shedimo muli makina owotcherera, galayinda ndi chibooleni chamagetsi, chuma chonse cha banja. Kumupatsa kiyi munthu amene anamangidwa chifukwa cha kuba ndi chinthu chimene mkazi wa mmisiriyu, amene anakwatirana naye atatuluka kundende, sanachivomereze msanga. Ndipo mantha ake anapherezera. Mmodzi wa anyamata awiri amene anafika pashedipo pambuyo pa chikhululuko cha 2023 anagwira bwino ntchito miyezi isanu, nalandira kiyi, ndipo m'mawa wina galayinda inasowa pamodzi ndi iye.

Anthu oyandikana nawo anati nkhaniyi ipite kupolisi. Mmisiriyu anayamba wafufuza yekha, ndipo anapeza kuti mnyamatayo anali ndi ngongole yakale kwa wogulitsa mankhwala, ya nthawi imene anali asanamangidwe, ndipo mwini ngongoleyo anali atayamba kuopseza mlongo wake. Patapita masiku anayi anamupeza atakhala kuseri kwa mashopu a ku Chikwanha.

"Amalume, ndalakwa. Ndiperekeni basi," anatero mnyamatayo.

"Kukupereka n'kosavuta, mdzukulu wanga. Ndifuna undiuze chifukwa chimene unandibisira ngongoleyi pamene tinkadya mbale imodzi."

Galayindayo anakaiwombola ndi ndalama yake, ndipo mnyamatayo anaibweza pogwira ntchito miyezi iwiri akulandira chakudya chokha. Kiyi sanamubwezere. Kuchokera pamenepo, funso loyamba limene mmisiriyu amafunsa aliyense wobwera kumene ndi lakuti ali ndi ngongole kwa yani ndipo ndi ya ndalama zingati. Alangizi a m'madera angachite bwino kulemba funso limeneli pamwamba pa mafomu awo, pakuti mafomu ambiri amafunsa za maphunziro, za chipembedzo ndi za luso, n'kusiya chingwe chenicheni chimene chimamukokera munthu kubwerera kumene anachokera.

Pali chingwe china chimene chimamanga makamaka ana a anthu obwera. M'chaka cha 2001 dziko la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, ndipo anthu ambiri obadwira m'dzikolo kwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lokhalo limene amalidziwa. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi, ponena kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene amakhala m'dzikomo, ndi nzika. Koma lamulo likasintha, mapepala a munthu sasintha okha. Agogo amene analibe chitupa sanathe kulembetsa mwana wawo, mwanayo sanalembetse wake, ndipo mdzukulu amakula wopanda kalata ya kubadwa. Wopanda chitupa sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake, sangatsegule akaunti, ndipo ntchito yolembedwa sangaipeze. Ukawonjezera apo mbiri ya ukaidi, imene imatuluka olemba ntchito akafuna kalata ya kupolisi ya zidindo za zala, munthuyo watsekeredwa kawiri. Mnyamata wachiwiri wa 2023 uja anali wotere. Mmisiriyu anayenda naye maulendo ambiri, kufunafuna achibale oti akachitire umboni ndi kalata ya kusukulu ya pulayimale kumene anaphunzirako, kufikira chitupa chinatuluka patatha chaka. Ntchito yotereyi ndi yotopetsa, ilibe chithunzi chokongola choika m'lipoti, koma mwina ndi imene inaposa zonse zimene anamuchitira.

Sikuti boma ndi mabungwe angokhala chete. Dziko la Zimbabwe linali patsogolo mu Africa pa chilango chogwira ntchito zothandiza anthu m'malo mopita kundende, chimene linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo msonkhano wa ku Kadoma wa 1997 unalimbikitsa maiko ena, kuphatikizapo Malawi, kutengera njira imeneyi. Kuli ndende yopanda mpanda wolimba ya Connemara m'chigawo cha Midlands, kumene akaidi amaloledwa kukacheza kwawo, ndipo ina yotere ya amayi inatsegulidwa ku Marondera mu 2021. Malamulo a 2013 anasintha dzina la nthambi ya ndende kukhala Zimbabwe Prisons and Correctional Service, kusonyeza kuti cholinga ndi kukonza munthu. Mabungwe monga ZACRO ndi Prison Fellowship akhala akuyendera akaidi ndi kuthandiza otuluka kwa zaka zambiri. Ku Malawi, Prison Fellowship inakhazikitsa nyumba ku Balaka yophunzitsirako luso anthu amene akumaliza ukaidi, ndipo kutali ku Los Angeles wansembe Greg Boyle anayamba mu 1988 ntchito imene inadzakhala Homeboy Industries, yolemba ntchito anyamata ochoka m'magulu a zigawenga. Zonsezi n'zabwino. Chovuta n'chakuti maphunziro a bungwe amakhala ndi tsiku lotsekera, satifiketi n'kuperekedwa, pamene chiyeso chimabwera usiku wa Loweruka, miyezi isanu ndi itatu pambuyo pake, ofesi ili yotseka. Pa ola limenelo pamafunika munthu wokhala pafupi, woti n'kumugogodera.

Ndiponso m'ndendemo munthu amatulukamo ndi mabala amene luso la manja silichiza. Amene anali m'kati m'zaka za 2008 ndi 2009 anaona anzawo akufa ndi njala ndi matenda, ndipo mu Malichi 2015 akaidi a ku Chikurubi anachita chipolowe chifukwa cha chakudya, ena n'kuphedwa. Mmisiriyu za m'kati sakamba kawirikawiri. Koma mnyamata akayamba kudzidzimuka usiku, kapena kubisa buledi m'malaya ngakhale chakudya chilipo chokwanira, iye amadziwa chimene chikuchitika ndipo samuseka. Apa ndi pamene munthu amene anadutsamo amaposa mlangizi wophunzira. Amathanso kuzindikira bodza msanga, chifukwa mabodza omwewo anawanenapo yekha.

Chinthu chimodzi chimene iye saumiriza koma amachilakalaka ndi chakuti mnyamata akapepese kwa amene anamulakwira. Amayamba wapita yekha kukafunsa ngati mwini nyumbayo angalole. Ena amakana, ndipo ali ndi ufulu wokana. Mayi amene anamenyedwa polandidwa chikwama alibe ngongole ya chikhululuko kwa wina aliyense, ndipo alangizi amene amathamangira kuyanjanitsa anthu kuti lipoti lioneke bwino amawonjezera bala pa bala. Koma pamene zatheka, mnyamata n'kukonza geti la nyumba imene anathyola popanda malipiro, msewu wonse umaona, ndipo miseche imachepa.

Alimi amene akuwerenga nkhaniyi asaganize kuti izi n'za m'tawuni zokha. Ku Zimbabwe wakuba ng'ombe amalandira zaka zosachepera zisanu ndi zinayi, pokhapokha patakhala zifukwa zapadera, ndipo m'midzi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anyamata ambiri amamangidwa chifukwa cha mbuzi, chimanga cha m'munda kapena ndewu ya pamowa. Munthu wotere akabwerera amapeza munda wake ukulimidwa ndi wina, mkazi anakwatiwa, ndipo dzina lake linafufutidwa m'kaundula wa kalabu ya alimi. Nkhuku ikasowa m'mudzi, mapazi onse amalunjika pakhomo pake. Chikhalirecho ndende zambiri zili ndi minda, ndipo ena amatulukako akudziwa ulimi wamthirira, kuweta nkhumba kapena kukonza manyowa kuposa anzawo amene anatsala. Zimene mmisiri wa ku Zengeza amachita ndi makina owotcherera, mlimi angazichite ndi ndime imodzi ya dimba, khasu ndi mbewu yobwereka, ndipo mfumu ingachite mbali yake pomulandira munthuyo pabwalo, anthu onse akuona, ndi kugamula za munda wake mvula isanagwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo kwa munthu wotuluka m'ndende lonjezo la ngongole ya chaka chamawa ndi fodya wa mphepo.

Amayi otuluka m'ndende ndiwo amavutika koposa, ndipo apa shedi ija ilibe yankho. Mwamuna akamangidwa, mkazi amamuyendera ndi chakudya. Mkazi akamangidwa, kawirikawiri mwamuna amakwatira wina, ana n'kugawidwa kwa achibale. Mkazi wa mmisiriyu anayesapo kutenga mtsikana mmodzi kuti azigulitsa naye tomato ndi masamba pamsika, koma amayi anzake a pamsikapo anayamba kusuntha mabeseni awo a ndalama iye akamadutsa, ndipo patatha milungu isanu ndi umodzi mtsikanayo anachoka osatsanzika. Kumene ali sikudziwika.

Mmisiriyu sawerenga kuti ndi angati amene anadutsa m'manja mwake. Akafunsidwa amatchula mmodzimmodzi: uyu ali ndi shedi yake ku Seke, uyu amayendetsa lole ya ku Beitbridge, uyu anapita ku Johannesburg ndipo amatumiza moni pa Khirisimasi, awiri anamwalira. Mnyamata wa galayinda uja anakhala chaka china chathunthu ali bwino, kenaka anagwidwa usiku ndi anzake akale ali ndi mawaya a magetsi. Anabwerera m'ndende, ndipo chigamulo chake chinali cha zaka zambiri. Mayi ake anachita manyazi kubwera kudzanena, moti nkhaniyo mmisiriyu anaimvera pamsika. Mwezi wotsatira anawatenga mayiwo, nanyamula sopo, shuga ndi mtedza wokazinga, n'kukwera kombi kukamuona.

Mnzake wa chitupa uja tsopano ndiye amasunga kiyi. Anapeza ntchito yake yoyamba payekha, mafelemu a mawindo 12 a nyumba ina imene ikumangidwa ku Zengeza 4, ndipo mtengo anakambirana yekha ndi mwini nyumbayo, amalume ake atangokhala pambali osalankhula. Theka la ndalama analandiriratu, nagula zitsulo ndi ndodo zowotcherera, lisiti n'kuika m'kope. Sabata imeneyo magetsi ankazima m'bandakucha n'kuyaka cha m'ma 10 koloko usiku, choncho awiriwo ankagona masana n'kumagwira ntchito mpaka tambala woyamba. Mafelemu asanu ndi atatu anaperekedwa Lachisanu, ndipo anayi otsalawo anadikira Lolemba chifukwa utoto unatha.